Za akaunti ya malemu bambo anga: nkhani ija yatha

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa za akaunti ya malemu bambo anga, imene banki inatseka iwo atamwalira osasiya wilo. Ena munati tingogawana katundu patokha, koma ndinatsata amene munati tisakhudze kanthu mpaka khoti lisankhe munthu woyang'anira chuma cha masiye.

Tinatenga chikalata cha imfa, tinalemba katundu yense pamodzi ndi ngongole, ndipo abale anga anasayina kuvomereza kuti woyang'anirayo ndikhale ine. Zinatenga miyezi, komabe chikalata cha khoti chitatuluka banki sinavutenso.

Chimene chinandidzidzimutsa ndi ngongole. Zimabwezedwa kaye, ogawana amalandira zotsala. Tikanathamangira kugawana, bwenzi pano ndikupemphanso ndalama kwa abale amene anadya kale, ndipo mukudziwa mmene zotere zimathera. Ndalama za inshulansi zokha zinapita mwachindunji kwa amayi, chifukwa bambo analemba dzina lawo pa fomu.

Ine ndalemba wilo yanga tsopano. Loya anandichenjeza kuti mboni ziwiri zosayina zisakhale anthu amene adzalandire kanthu. Gawo la ana anga, poti akadali aang'ono, ndaliika mu trasti, kuti wina wodalirika azidzawalipirira sukulu mpaka atakula. Ngati muli ndi penshoni kapena inshulansi, kaoneni dzina limene munalemba pa fomu. Pa yanga panalibe mwana wanga wotsiriza.