Kodi sayansi ndi imene inawapambanitsa Angelezi pa nkhondo ya 1756 mpaka 1763?

Wa Giredi 11, Chipata:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ena akuti Britain inagonjetsa France panyanja chifukwa cha mandimu a dokotala James Lind ndi wotchi ya panyanja ya John Harrison. Kodi ndingalembe zimenezi pa mayeso?

Mphunzitsi, Katete:
Mwanawe, usalembe choncho, zaka zake sizikugwirizana. Mu 1747, m'sitima ya Salisbury, Lind anatenga amalinyero 12 odwala chiseyeye n'kuwagawa awiriawiri. Ena anawamwetsa viniga, ena madzi a m'nyanja, ena mowa wa maapozi, koma awiri okha ankalandira malalanje 2 ndi ndimu 1 patsiku. Zipatsozo zinatha patangopita masiku 6, komabe mmodzi anali atachira moti n'kubwerera pantchito. Chinalakwika n'chakuti Lind analangiza kuti madzi a zipatso aziwawiritsa mpaka alimbe kuti asaonongeke paulendo, osadziwa kuti moto umapha vitamini C, amene amachiritsa chiseyeye. Madzi a mandimu anayamba kuperekedwa mokhazikika m'sitima zankhondo cha mu 1795, nkhondo ija itaiwalika.

Chimene chinagwiradi ntchito mu 1759 n'chakuti Edward Hawke, mkulu wa sitima zankhondo za Britain, potsekereza doko la Brest ku France, ankatumiziridwa nyama ndi ndiwo zamasamba kuchokera kumtunda. Anthu ake anakhala miyezi panyanja ali athanzi, ndipo pa 20 Novembala anaphwanya sitima za Afalansa ku Quiberon Bay kunja kukuomba namondwe.

Wopima malo, Lundazi:
Aphunzitsi anena zoona, ine ndionjeze za wotchi, imene inkathandiza amalinyero kudziwa pamene ali panyanja. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola limodzi. Ukaona dzuwa lafika paliwombo, yang'ana wotchi imene ikusungabe nthawi ya ku Greenwich ku London, kusiyana kwa maolawo uchulukitse ndi 15, ndipo udziwa madigiri amene uli chakummawa kapena chakumadzulo kwa Greenwich. Kuno ku Chipata dzuwa limafika paliwombo pafupifupi maola 2 ndi mphindi 10 lisanatero ku Greenwich, ndiye kuti tili madigiri 32 ndi theka chakummawa. Vuto linali wotchi yeniyeniyo: kutentha kumafutukula zitsulo, mafunde amasokoneza kayendedwe kake, ndipo ikangolakwitsa mphindi 4 wasochera digiri yathunthu, makilomita 111 ukakhala pa ikweta. Wotchi ya Harrison yotchedwa H4 inayesedwa koyamba paulendo wa ku Jamaica mu 1761 ndi 1762. Inali imodzi yokha, Hawke sanaigwiritsepo ntchito.

Amayi a ku Petauke:
Abambo nonse awiri mwasiya ndalama. Boma la Britain linkakongola mosavuta kuposa la France, n'chifukwa chake nduna ya Britain William Pitt anatha kumalipira Frederick, mfumu ya ku Prussia, mapaundi 670,000 pachaka kuyambira mu 1758, kuti asilikali a France atanganidwe ku Ulaya pamene James Wolfe, mkulu wa asilikali a Britain, ankalanda Quebec ku Canada. Ngongole ya boma inatsala pang'ono kuwirikiza kawiri, ndipo ndiyo inabala msonkho wa masitampa wa 1765 umene unakwiyitsa anthu a ku America. Mwanangu, yamba ndi zimenezi, za Lind uziike m'ndime yakeyake.