Tikukonza tsiku la chikhalidwe cha ku Japan, tithandizeni maganizo

Akuluakulu, ndili m'kagulu ka anthu amene tinaphunzirako ku Japan, ena kudzera ku JICA (bungwe la Japan lothandiza pa chitukuko), ena pa thandizo la maphunziro la MEXT (unduna wa zamaphunziro wa Japan). Tikufuna kuchita mwambo wa ku Japan wotchedwa Tanabata ndi ana a pasekondale ina ku Lilongwe. Mwambowu umachitika pa 7 July, kutangopita tsiku lokumbukira ufulu wathu, ndipo anthu amalemba zokhumba zawo pa timapepala n'kutimangirira pa nsungwi. Nsungwi tili nazo, origami (zokongoletsa zopinda ndi mapepala) tidzapinda ndi mapepala wamba.

Chativuta ndi chakudya. Tikufuna anawo aumbe okha onigiri, timibulu ta mpunga tija, koma pamafunika mpunga waufupi womatirira. Kilombero wathuyu ndi wonunkhira bwino, koma ndi wamtali ndipo amayoyoka m'manja. Alipo amene anayesapo mpunga wina wakuno n'kugwirana bwino? Nanga nori, ndere zouma zokulungira zija, zimapezeka sitolo iti?

Chinanso, sitikufuna kuti anawo adzangoonerera basi. Inu amene munagwirapo ntchito ndi mavolontiya a ku Japan, munkawapempha bwanji kuti adzaphunzitse kulemba ndi burashi? Tidutsire ku ofesi ya JICA kapena ku ofesi ya kazembe? Zikomo.