Za sukulu ya Tadala: Gqeberha kapena Blantyre

Malume a ku Lilongwe: Moni nonse. Monga mwamva, Tadala wakhoza bwino mayeso a A-Level ndipo mtima wake uli pa maphunziro a kayendedwe ka thupi la munthu ndi kasamalidwe ka anthu ovulala pa masewera. Tisanayambe kusonkha ndalama, ndi bwino tigwirizane kaye kumene mwanayu akupita, chifukwa chaka cha maphunziro ku South Africa, komwe kuli mzinda wa Gqeberha, chimayamba mu February.

Azakhali a ku Zomba: Zikomo achimwene. Agogo ali nane pano ndipo akufunsa ngati mdzukulu wawo akukaphunzira udokotala kapena uphunzitsi wa mpira, ndipo ine ndasowa chowayankha.

Tadala: Azakhali, muwauze agogo kuti ntchitoyi ili pakati pa ziwirizo. Tikaphunzira mafupa, minofu ndi mitsempha, mmene zimagwirira ntchito munthu akamathamanga kapena kudumpha, komanso masewera olimbitsa thupi amene amabwezeretsa munthu pabwalo atavulala. Mukukumbukira kuti Mwai Kumwenda anavulala bondo mu 2018 akusewerera Melbourne Vixens, koma anachira n'kutenga chikho ndi timuyo mu 2020. Opaleshoni imachitika tsiku limodzi, pamene kulimbitsa mwendo kuti munthu adumphenso mopanda mantha kumatenga miyezi yambiri, ndipo ine ndikufuna gawo limenelo.

Azakhali a ku Zomba: Agogo akuti iwonso amadziwa kuthowa phazi lobinya ndi madzi otentha, ndipo sanapite ku yunivesite.

Tadala: Muwapepese kwambiri, koma masiku awiri oyamba phazi lobinya silifuna madzi otentha kapena kusisita, chifukwa kutupa kumawonjezeka. Limafuna kupumitsa, kuikapo ayezi wokulunga m'kansalu, kumanga bandeji mosathina kwambiri ndi kuligoneka pa pilo kuti likhale m'mwamba.

Achimwene a ku Gqeberha: Malume, ndafufuza kuno ku Nelson Mandela University. Maphunziro a Human Movement Science alipo, koma digiri imeneyo payokha simupatsa munthu chilolezo chogwira odwala. Wofuna kuthandiza ovulala amaphunzira Biokinetics, ndipo akamaliza amalembetsa ku HPCSA, bungwe loyang'anira ogwira ntchito zachipatala kuno. Pakufunikanso kalata ya Universities South Africa yovomereza satifiketi zake, chitupa chophunzirira komanso medical aid ya konkuno, pakuti popanda imeneyo chitupacho sichituluka. Chotipepukira n'chakuti ophunzira a m'maiko a SADC amalipira fizi yofanana ndi eni dziko, ngakhale pamakhala kandalama kena kowonjezera. Malo ogona asakudetseni nkhawa, akhala kwa ine.

Mayi a Tadala: Tathokoza mwanangu. Nkhawa yanga ili pobwerera. Kuno kwathu munthu wodziwika m'zipatala ndi physiotherapist, wothandiza odwala ndi masewera olimbitsa thupi, ndipo maphunziro amenewo ali pafupi pomwepa ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ku Blantyre, komanso ku yunivesite ya MUST ku Thyolo kuli digiri ya Sports Science. Sindikufuna kuti tigulitse ng'ombe za bambo ake zaka zinayi, kenako mwana abwere ndi pepala limene a Medical Council of Malawi sangamulembetse nalo. Matimu athu a mpira ndi angati amene amalemba munthu wotere ntchito ya mwezi ndi mwezi?

Malume a ku Lilongwe: Achemwali anena zoona, ndipo funso lawo ndilo liyenera kuyankhidwa loyamba. Ine maganizo anga ndi akuti physiotherapy ili ndi khomo lalikulu, chifukwa amathandizanso odwala sitiroko ndi opulumuka ngozi za pamsewu, ndipo zamasewera angathe kuwonjezera pambuyo pake. Komabe sindikufuna kumutsekera njira tisanafunse eni ake. Lolemba ndipita ndekha ku ofesi ya Medical Council kuno ku Lilongwe kukafunsa za Biokinetics.

Achimwene a ku Gqeberha: Ine ndikatenga pepala la fizi ndi mitengo ya medical aid, ndiziika pano mu rand ndi mu kwacha kuti aliyense aone yekha.

Azakhali a ku Zomba: Chabwino. Tadala alembe mafomu mbali zonse ziwiri, ndalama za mafomu ndilipira ine, ndipo ng'ombe zisagulitsidwe mpaka malume atabwera ndi yankho Lolemba madzulo.