Gulu la kwathu: yuleya wa mpunga wa agogo

Malume aakulu: Mwadzuka bwanji nonse. Dambo la agogo kuno ku Nkhotakota tamaliza kuwokera Loweruka. Mpunga wa Kilombero kumtunda, wa Pussa kumunsi. Tsopano nkhani ndi ya yuleya, tisonkhe msanga.

Azakhali a ku Joni: Zikomo achimwene. Ine nditumiza ya matumba awiri, muthire onse osasiyako. Ndamva kuti yuleya amachulukitsa zomanga thupi mu mpunga, ndipo adzukulu aja pa chithunzi aonda.

Mphwathu wa ku Bunda: Azakhali, mwamva zoona koma theka. Mu yuleya nayitrojeni alimo 46 pa 100, ndipo mbewu imapangira mapuloteni, zomanga thupi zija, pamenepo. Koma wothira mutangowokera amathera ku masamba ndi kuphukira. Amene amafika m'njere ndi wothira mpunga ukamatenga mimba. Ndiye mugawe kawiri, ndipo muziyamba mwachepetsa madzi, apo ayi ambiri angothawa.

Malume aakulu: Matumba awiri pa Kilombero ayi mlongo wanga. Chaka chija ndinachita dyera, anabiriwira mpaka anthu kumaima panjira kuyamikira. Mphepo ya usiku umodzi, yense gone m'madzi. Tinkadzutsa ngala ndi manja, zina zitamera kale.

Mphwathu wa ku Bunda: Eya malume, Kilombero ndi Faya ndi aatali, sapirira chakudya chambiri. Pussa ndi wamfupi, ameneyo mpatseni gawo lalikulu.

Mayi aang'ono: Nanga kukoma? Ine ndimagulitsa ku Lilongwe, anthu amayamba anunkhiza kaye m'thumba.

Mphwathu wa ku Bunda: Mapuloteni akakwera mpunga umalimbako ukaphikidwa, sufewa ngati kale. Ubwino wake sukonda kusweka ku chigayo. Komanso azakhali, mpunga woyera uli ndi mapuloteni pafupifupi 7 pa 100 basi. Ngakhale muthire bwanji sungafike pa usipa kapena nyemba. Ndipo zambiri zabwino, monga vitamini B1, zimapita ndi gaga tikapuntha mpaka mbuu.

Azakhali a ku Joni: Ndiye tinakulipirira sukulu kuti uzinditsutsa pagulu? 😂 Chabwino. Thumba limodzi la yuleya, ya linalo agule usipa ndi nsinjiro za phala la ana.

Malume aakulu: Tagwirizana. Ena mwangowerenga osayankha, tikukuonani. Ya aganyu opalira ikufunika pofika Lachisanu.

Mayi aang'ono: Yanga ilowa pa Mpamba madzulo ano. Agogo muwauze asamathire okha usiku, timawadziwa.