Mankhwala oletsa mphukira pa fodya: tigule kapena tizingothyola ndi manja?

Bambo a Tadala (Santhe): Akuluakulu, barele wanga wa eka imodzi ndi theka wayamba kutulutsa maluwa, sabata yamawa ndithena (kudula nsonga). Mnyamata wanga waumirira kuti tigule mankhwala oletsa mphukira. Ine ndakula ndikuthyola ndi manja. Ndalama yake imabwerera koma?

Mayi a Chikondi (Mponela): Gulani bambo. Ine ndinatopa ndi aganyu olowa m'munda sabata iliyonse. Malipiro ndi nkhani ina, koma masamba amene amathyoka akamadutsa m'mizere ndi omwe aja akanakoma ku Kanengo.

Achimwene a ku Mkanda: Ayi, ine anandipusitsa. Ndinagula botolo pamsika, ndinathira, patatha masabata awiri mphukira zili mbuu ngati ndathira feteleza.

Mayi a Chikondi: Botololo linali ndi chizindikiro, achimwene?

Achimwene a ku Mkanda: Linali la madzi akumwa, anachita kundipungulira.

Wophunzira zaulimi: Nde vuto lili pomwepo, bambo. Nsonga ya fodya imapanga mankhwala achilengedwe otchedwa auxin, amene amagonetsa timaso ta m'khwapa mwa masamba. Mukathena timadzuka tonse n'kumalanda chakudya choti chinenepetse tsamba. Mankhwala oletsa mphukira ali mitundu. A decanol amangowotcha kamphukira kamene akakhudza, choncho mumabwereza. A flumetralin amaletsa kamphukirako kukula ndipo amakhalitsa. Onsewa sagwira mphukira yoposa masentimita 2, yotereyo thyolani kaye. Thirani pamwamba pa tsinde kuti ayenderere khwapa lililonse mpaka pansi. Fodya wopendekeka amanyowa mbali imodzi, inayo imaphuka basi.

Gogo wa ku Malomo: Sukuluyo tamva mwanawe, koma wa theka la eka wokhala ndi ana akuluakulu pakhomo asataye ndalama. Komanso mvula ya Febuluwale sipangana, muthira m'mawa masana yatsuka.

Mayi a Chikondi: Zoona agogo, mame akhale atauma ndipo kumwamba muyang'aneko. A pakontirakiti afunse kaye mlangizi wawo, ogula safuna zotsalira za mankhwala ena pa tsamba. Valaninso magolovesi, amayabwa.

Bambo a Tadala: Ana anga awiri ali kusukulu, wothyola ndine ndekha ndi msana uno. Ndithira eka imodzi, theka linalo ndithyola kuti ndione kusiyana pa sikelo. Alipo wa kuno ku Santhe woti tisonkherane botolo lotseka bwino Lachisanu?