Mbande zauma kumtunda koma kumtsinje zagwira: tipakize ndi mitengo iti?

Woyang'anira nazale: Akuluakulu, tigawane nzeru. Malo athu akumtunda ndi otsetsereka, dothi ndi losaya, ukakumba masentimita 40 wagunda kale thanthwe. Chilimwe chimatenga miyezi 6. Panabzalidwa mbawa, nsangu, mlombwa ndi gliricidia. Mbawa ndi nsangu zauma, mlombwa watsala timitengo topanda tsamba, gliricidia wayoyola masamba koma ali moyo. Mbande za nazale yomweyo zagwira bwino kumunsi, m'mbali mwa mtsinje. Tipakize ndi chiyani?

Mlangizi wa zankhalango: Poyamba musazule mlombwawo. Kandani khungwa ndi chikhadabo pamene tsinde lakumana ndi dothi. Mukapeza mkati muli mobiriwira ndi monyowa, mtengowo uli moyo. Mlombwa ukakhala waung'ono umauma mbali ya pamwamba pa dothi chilimwe chilichonse n'kuphukiranso mvula ikagwa, ndipo umatero zaka zingapo uku ukukulitsa mzu pansi. Zikani chikhomo pa uliwonse, muwerengenso pakatha mwezi mvula itayamba.

Nsangu ndiye munaiika posayenera. Mtengo umenewu umayoyola masamba m'dzinja, n'kuvala masamba m'chilimwe anzake ali mbulanda. Choncho umafuna madzi nthawi imene pamwamba pauma gwa, ndipo umawapeza ndi mzu wautali wolunjika pansi. Pathanthwe mzuwo ulowera kuti? Mbawa nayo ndi ya m'mbali mwa mitsinje, masamba ake ndi ambiri, imamwa madzi chaka chonse.

Wofufuza za zomera: Ndikugwirizana nawo bambowa. Mtengo umapirira chilala m'njira zosiyana, ndiye muone njira imene malo anu akulola. Wina umathawa ludzu potaya masamba, ngati gliricidia. Wina umasunga madzi m'thunthu, ngati mlambe. Wina umatsikira madzi apansi, ngati nsangu. Wina umangolimba nacho chilala: masamba aang'ono ochindikala, thabwa lolemera. Dothi likauma, madzi a m'mitsempha ya mtengo amakokeka mwamphamvu mpaka mpweya kulowamo, mtsempha n'kutsekeka. Mitengo ya thabwa lolemera kawirikawiri imachedwa kufika pamenepo. Pamalo panu njira ya mzu wakuya yatsekedwa, zinazo zilipo.

Mutha kuyeza nokha mitundu imene mukuiganizira. Thyolani masamba okhwima, opanda matenda, a mbali yowombedwa dzuwa, awiri pamtengo, mitengo 5 pa mtundu uliwonse. Ayaleni papepala loyera pambali pa rula, jambulani, mupeze kukula kwake ndi ImageJ, pulogalamu ya pakompyuta yoyezera zinthu pazithunzi. Aumitseni mu uvuni pa 70°C kwa maola 72, muwayeze pasikelo yowerenga mpaka 0.001 g. Gawani kukula kwa tsamba ndi kulemera kwake. Nambala ikakhala yaikulu, tsambalo ndi lopyapyala, la mtengo wokula msanga wokonda chinyezi.

Thabwa nalo n'chimodzimodzi. Dulani kanthambi, chotsani khungwa, kamizeni ndi singano m'kapu ya madzi ili pasikelo, osagunda pansi kapena m'mbali. Galamu iliyonse yowonjezereka pasikelo ikuimira 1 cm³ ya kukula kwa kanthambiko. Umitsani pa 103°C mpaka kulemera kutasiya kusintha, mugawe kulemerako ndi kukula kuja. Nambala ikakhala yaikulu, thabwalo ndi lolemera.

Mphunzitsi wa zaulimi: Chenjezo pa muyesowo: musatenge masamba a mbande za pansi pa shedi. Mumthunzi tsamba limatambasuka n'kupyapyala, mtengo wopirira n'kuoneka ngati wosapirira. Komanso tsamba lopyapyala palokha si mlandu. La gliricidia ndi lopyapyala, koma nthawi ya ludzu kulibe. Nambalayo muziiwerenga pamodzi ndi funso loti, kodi mtengowu umayoyola liti?

Wosamalira mbande: Tisaiwale nazale, chifukwa mtundu wabwino umafanso ukachoka m'chubu utapunduka. Fukulani mbande 10 zouma, tsukani mizu. Mukapeza mzu waukulu wazungulira ngati chingwe pansi pa chubu, kapena wapindikira m'mwamba ngati mbedza, vuto linayamba musanabzale. Kumtsinje mbande yotere imapulumuka poti chinyezi chili pafupi, kumtunda ayi. Mbande yaitali, yamasamba ambiri, yamizu yochepa imakongola pamaso basi. Yaifupi ya masentimita 25 mpaka 30, tsinde lonenepa, ndiyo yolimba. Milungu 4 mpaka 6 musanabzale chotsani mthunzi pang'onopang'ono, chepetsani kuthirira, feteleza siyani.

Woyang'anira nazale: Zamveka. Nanga nsangu yotsala mu nazale tiitaye?

Mlangizi wa zankhalango: Ayi achimwene, itsikire kumunsi kwa dothi lakuya pamodzi ndi mbawa, bola isakhale yoti mzu unapota kale m'chubu. Ulendo wina nsangu muzifesa pamalo pomwepo: palani khungu la njere pang'ono, viikani m'madzi usiku umodzi, njere ziwiri kapena zitatu paphando. Kumtunda pakizani ndi yoyoyola masamba, ndipo yendani pa mtunda wina wa miyala ngati umenewo muone imene inamera yokha, mbewu mutenge kumeneko. Bzalani mvula ikakhazikika, osati kumapeto kwa dzinja. Kumunsi kwa phando lililonse umbani kamgula kokhota ngati mwezi kuti kakole madzi otsika, muphimbire ndi udzu koma usakhudze tsinde, chiswe chingalowerepo.