Chiroboti changa chikugwedera pa Commodore 64

mphaka64: Akuluakulu, ndithandizeni. Pa Commodore 64, kompyuta yakale ija, ndikupanga gemu ya chiroboti choyenda ndi miyendo iwiri, chikuwombera uku sikirini ikusunthira kumanzere. Ma pixel (timadontho ta pa sikirini) 7 oyamba akuyenda myaa kudzera pa $D016, malo a mu memory osunthira chithunzi cham'mbali. Likafika la chi 8, pomwe ndimasuntha zilembo zonse, chithunzi chikudukiza ndipo miyendo ya chiroboti ikuzimiririka kwa kanthawi. Ndikuyesera pa VICE, pulogalamu yotsanzira Commodore 64, pa PAL, mtundu wa TV wa ku Ulaya. Sabata yatha ndili pomwepo.

WaRaster: Mukusuntha screen RAM (memory ya zilembo) ndi colour RAM (ya mitundu) pa frame imodzi, ndiye kuti pa kujambula sikirini kamodzi?

mphaka64: Eya, zonse ziwiri, mizere yonse 25.

WaRaster: Ndiye tawerengani nokha, achimwene. PAL ili ndi mizere 312, uliwonse ma cycle (kugunda kwa purosesa) 63, kutanthauza 19,656 pa frame. LDA ndi STA, zotengera ndi kuikira byte, zikudya ma cycle 8 pa byte imodzi, ngakhale popanda loop. Ma byte 1,000 a sikirini ndi 1,000 a mitundu ndi 16,000 kale. VIC-II, chip ya zithunzi, nayo ikulanda ma cycle pafupifupi 40 pa badline iliyonse (mzere womwe imaimitsa purosesa kuti itenge zilembo), ndipo zilipo 25, osawerengera zomwe ma sprite, tizithunzi toyenda patokha, akutenga. Zipolopolo, adani ndi nyimbo za SID, chip ya mawu, zidya chiyani? Ikani masikirini awiri. Pomwe ina ikuoneka, inayo muziikonza pang'onopang'ono pa ma frame 8 aja, nthawi ikakwana mungotembenuza $D018, yomwe imasankha sikirini yooneka.

nkhalakale: Zoona, koma muwauzenso kuti colour RAM ilibe mnzake. Imakhala pa $D800 basi, singatembenuzidwe. Ine maganizo anga, isiyeni osaikhudza. Mu multicolour muli kale mitundu itatu ya onse pa $D021, $D022 ndi $D023. Wachinayiwo ikani umodzi pa level yonse. Gemu ya zitsulo ndi mafakitale ophwasuka imafuna mitundu ingati? Imvi, yakuda ndi ya dzimbiri zakwana.

WaRaster: Apo ndiye sitigwirizana, akulu. Gemu ya Turrican inatuluka pa makina omwewa mu 1990, anthu maso awo anazolowera zokongola. Adule mizere 5 ya pansi ikhale ya mapointi ndi moyo, colour RAM ya mizere 20 yotsalayo ndi ma cycle 6,400 okha. Zimatheka, bola kuyambira pamwamba raster (mzere womwe ukujambulidwa pa sikirini) itangodutsapo.

nkhalakale: Zimatheka kwa amene wamaliza kale gemu imodzi. Uyu ndi yoyamba. Komanso za miyendo palibe wayankha. Chirobotichi chili ndi ma sprite angati?

mphaka64: 6, awiri m'lifupi atatu m'litali, poti imodzi ndi ma pixel 24 kwa 21 basi. Awiri a kumutu ndimawagwiritsanso ntchito kumiyendo kudzera pa raster interrupt (code yomwe imadukiza purosesa raster ikafika pamzere womwe wasankha) kuti adani apeze malo pa ma sprite 8 omwe makinawa ali nawo.

nkhalakale: Tatumizani code ya pomwe mukukopera paja.

nkhalakale: Ndaona zomwe mwatumiza. SEI, yotseka ma interrupt, ili pamzere woyamba, CLI, yowatsegula, kumapeto. Mwatsekera interrupt panja nthawi yonse yokopera, ndiye raster ikufika pa miyendo palibe woitsitsa. Chotsani zonse ziwiri. Mungoonetsetsa kuti interrupt yanu ikusunga A, X ndi Y, mosungira manambala mwa purosesa, n'kuzibwezera isanatuluke.

mphaka64: Aaa, manyazi bwanji. Ndinaiika mwezi watha pofufuza vuto lina, n'kuiwala. Ndachotsa, miyendo yabwerera. Kudukiza kudakalipo pang'ono, usiku uno ndiyika sikirini yachiwiri. Za mitundu ndatsatira akulu, pepani a WaRaster.

WaRaster: Level 2 mudzandifuna. Mukamaliza muyesenso pa NTSC, mtundu wa TV wa ku America, kumeneko mizere ndi 263 yokha.